Mwalembetsa 10km yothandiza anzathu? Konzekerani chonchi kuno ku Mzuzu

Sabata yatha mnzanga wina wakuntchito anandipeza pa nkhomaliro fomu ili m'manja, akuti walembetsa nawo mpikisano wothamanga makilomita 10 wosonkhetsa fizi ya atsikana a ku sekondale. Ndiye akuti, "Achimwene, inu paja mumadzuka m'mamawa kukathamanga, tandiuzeni ndiyambire pati, kwatsala miyezi iwiri yokha ndipo ine chichokereni ku sukulu sindinathamangepo." Tinakambirana pang'ono nthawi ya ntchito n'kukwana, ndiye ndinamulonjeza kuti ndilemba zonse bwinobwino, mwina zithandizanso ena omwe fomu ili m'thumba koma mtima uli phaphapha.

Ine zothamangazi ndinaziyamba chifukwa cha mlamu wanga. Anachirira pa chipatala china chaching'ono kumudzi, usiku, magetsi kulibe, anamwino akuunikira ndi tochi ya pafoni, achimwene anga ali panja kumangozungulira. Mayi ndi mwana anatuluka bwino, tithokoze Mulungu, koma nkhani ija inandikhala pamtima, ndiye achinyamata a mpingo wina atakonza zothamanga kuti agule masola a ku wodi ya amayi oyembekezera ndinalembetsa tsiku lomwelo. Mipikisano yotereyi si yachilendo kwathu kuno, ambiri mukuidziwa Mother's Fun Run ya a Nation Publications Limited ija yomwe imasonkhetsa zothandizira uchembere wabwino chakufupi ndi Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, koma palinso timipikisano tambiri ta mipingo, masukulu ndi timabungwe ta m'madera, ndipo kakonzekeredwe kake ndi kamodzimodzi.

Choyamba sankhani mtunda moona mtima. Kawirikawiri pamakhala 5km ndi 10km, pena 21km ya ozolowera. Ngati simunathamangepo ndipo kwatsala masabata 8 kapena ochepera apo, tengani 5km, palibe chamanyazi, ndalama yomwe mudzasonkhetse ndi yomweyo. 10km imafuna masabata 10 kapena 12 kwa munthu woyamba kumene, wa masabata 8 akhoza kuimaliza koma avomereretu kuti malo ena adzayenda, ndipo mnzanga uja ndinamuuza zomwezo. Ngati muli ndi BP, shuga, mphumu, kapena munamvapo kupweteka pachifuwa pokwera chitunda, kapenanso mwapitirira zaka 40 osachitapo masewera aliwonse, pitani kaye ku chipatala akakuoneni. Kuyeza BP sikutha ngakhale mphindi 5, ndipo kuipa kwa BP n'koti munthu amatha kukhala nayo yokwera iye akudzimva bwinobwino.

Tsopano nkhani yaikulu, mukaiwala zina zonse iyi yokha musaiwale: muzithamanga pang'onopang'ono, pang'onopang'ono kuposa momwe mukuganizira panopa. Ambirife kuthamanga tinakuphunzirira ku pulayimale, mamita 100, aphunzitsi akaimba wezulo aliyense n'kuliyatsa ngati wapirikitsidwa ndi njuchi, ndiye tikamva zothamanga m'mutu mumabwera liwiro lomwelo. Munthu amatuluka pa geti tsiku loyamba ndi mphamvu zonse, asanafike pa golosale ya pakona befu wamugwira, kukhosi kukuwotcha, n'kubwerera kunyumba akunena kuti zothamanga si zanga izi. Ayi ndithu ndi zanu, liwiro ndi lomwe linalakwika. Muyezo wake ndi wosavuta, mukamathamanga muzitha kuyankhula bwinobwino osadukiza mawu. Mukakumana ndi amayi akupita ku msika n'kukupatsani "mwawuka uli" muzitha kuyankha n'kuwafunsanso momwe adzukira. Ngati mawu akutuluka limodzilimodzi chepetsani, olo zioneke ngati woyenda pansi akupitirirani. Chifukwa chake n'choti mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, pa masabata ochepa chabe, koma mafupa, mawondo ndi mitsempha ya m'miyendo zimatenga nthawi kuti zilimbe, n'chifukwa chake wokonda liwiro amavulala sabata yachitatu kapena yachinayi, nthawi yomwe iye akuona ngati wayamba kukhwima.

Ndondomeko yomwe ndinamupatsa ndi iyi. Katatu pa sabata basi, tinene Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka, masiku apakatiwo ndi opuma ndipo musawaone ngati aulesi, thupi limadzikonza ndi kulimba pa tsiku lopumalo. Nthawi zonse yambani ndi kuyenda ndawala mphindi 5 kuti thupi litenthe. Masabata awiri oyamba thamangani mphindi imodzi, yendani ziwiri, bwerezani ka 8 kapena ka 10, n'kumapita kukasamba. Mudzaona ngati zachibwana koma pitirizani choncho. Sabata ya 3 ndi ya 4 muzithamanga mphindi 3 n'kuyenda imodzi kapena ziwiri, ka 6. Ya 5 ndi ya 6 mphindi 8 kapena 10 osaima, kuyenda imodzi, katatu. Sabata ya 7 yesani mphindi 25 mpaka 30 osaima, ndipo apa ambiri amadabwa okha kuti eti zatheka. Sabata ina ikakuvutani ibwerezeni, musalumphire kutsogolo chifukwa choti pepala latero. Mukadumphitsa tsiku chifukwa cha maliro kapena ntchito, lapita limenelo, osaliphatikiza ndi la mawa.

A 10km kusiyana kwake kuli pa Loweruka. Mukafika pomatha mphindi 30, Loweruka lililonse muziwonjezera kilomita imodzi, 5, 6, 7, 8, modekha kwambiri, ndipo mukafika pa 8 kapena 9 zakwana, yotsalayo mudzaipeza tsiku lomwelo m'kati mwa chigulu cha anthu. Poyeza mtunda foni imathandiza, pulogalamu ya pafoni yoyezera mtunda yotchedwa Strava ndi yaulere ndipo GPS imagwira olo bandulo itatha, zimadzangotumizika mukalowa pa intaneti. Ngati mulibe foni yotero musadandaule, kuzungulira bwalo la mpira lalikulu katatu m'mbali mwa mizere ndi pafupifupi kilomita imodzi, ndipo kawotchi ka pamkono kokha kamakwanira.

Mzuzu ili pamwamba abale, pafupifupi mamita 1,250, pomwe kunyanja ku Nkhata Bay sikufika olo 500, ndiye mnzanu wochokera kunyanja akabwera kudzathamanga kuno asadabwe akamva mpweya ukuperewera pang'ono. Koma chenicheni ndi zitunda. Tauni yathuyi malo athyathyathya ndi ochepa, kulikonse komwe mungalowere, kaya Zolozolo, kaya Masasa, kaya Mchengautuwa, kaya msewu wa ku Nkhata Bay, mukumana ndi chikweza. Musazithawe poti tsiku la mpikisano mudzazipeza zikukudikirani. Kuyambira sabata ya 4 sankhani kachitunda kamodzi ka kwanuko, kwerani mothamanga masekondi 30 kapena 40, tsikani poyenda, bwerezani kanayi mpaka ka 6, kamodzi pa sabata. Pokwera fupikitsani masitepe, mikono izigwira ntchito, maso aziona pafupi pompa osati kumwamba kwa chitunda poti kumeneko kumangofooketsa mtima. Potsika ndi pomwe mawondo amazunzikira, musadziponye ndi masitepe ataliatali, pitani timasitepe tifupitifupi mofewa.

Za malo othamangira, ambiri amakonda msewu wa M1 wopita ku Luwinga, kudutsa ku Mzuni kulowera cha ku Ekwendeni, poti ndi wa tara, koma mumenemo muli mathiraki, maminibasi, njinga zamoto ndi asakaramento, akabaza a njinga zakapalasa aja, omwe amangotulukira kumbuyo osamveka. Galimoto kuno zimayenda kumanzere, ndiye inu muzithamangira kudzanja lamanja kuti muziona chomwe chikubwera. Valani chowala, choyera kapena chachikasu, poti ndi nkhungu ya m'mawa ya Mzuzu ija dalaivala sakuonani mpaka atafika pafupi. Nyimbo m'makutu, khutu limodzi lokha kapena kungozisiya. Ine ndimakonda misewu yafumbi ya m'makomboni kukangocha, dothi limafewera mawondo kusiyana ndi tara, kungoti nthawi ya mvula dothi lofiira lija limaterera ngati therere ndiye mumayenera kusamala. Mukakumana ndi galu musathawe, imani kaye, kenako yendani pang'onopang'ono mpaka mutadutsa. Akakulumani tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kupita ku chipatala tsiku lomwelo, chiwewe si matenda odikira nawo.

Ndipo musamathamange nokha kukadali mdima, pezani mnzanu. Mnzako amathandizanso pa nkhani yodzuka, m'Juni ndi m'Julayi kuno kumazizira zoti bulangete limakunyengerera, kunja kuli mawawa, mpweya ukutuluka ngati utsi, koma ukadziwa kuti wina wakudikirira pa raundabauti ya Katoto hafu pasiti 5 umadzuka basi. Nyengo imeneyo valani juzi yopepuka yoti mukatenthedwa muimange m'chiuno, masokosi akale m'manja amagwira ntchito ngati magolovesi. Okutobala ndi Novembala ndi nkhani ina, dzuwa likangokwera latentha, ndiye pofika 7 koloko mukhale mutamaliza kapena dikirani chakumadzulo.

Nsapato. Apa ndikhalitsapo poti ine zinandionekera. Mpikisano wanga woyamba uja ndinagula nsapato zatsopano Lachisanu, mpikisano uli Loweruka, ndimafuna ndikaoneke bwino pa zithunzi zotumizira omwe anandithandiza. Pofika pa kilomita ya 4 chidendene chakumanja chinayamba kutentha, pa 6 thuza linaphulika, ndinamaliza motsimphina ndipo nditavula ndinapeza sokosi yamatirira pa bala, magazi atauma, mayi wina wa chithandizo choyamba anachita kunyowetsa ndi madzi kuti ichoke. Masabata awiri ndimapita ku ntchito ndi masilipasi. Ndiye nsapato yodzathamangira pa tsikulo ikhale yomwe mwakhala mukuthamangira masabata atatu kapena kuposa.

Simukufunika ya mu shopu yodula, ya pa kaunjika imakwana bola muisankhe bwino, zungulirani mu msika waukulu kapena ku Zigwagwa mosapupuluma. Pitani masana kapena madzulo poti phazi limatupako pang'ono tsiku likamapita, ndipo tengani masokosi omwe muzidzavala. Mukavala pakhale mpata wokwana chala chachikulu cha kumanja pakati pa chala cha kuphazi ndi mphuno ya nsapato, ambiri amafunika saizi yokulirapo kuposa ya nsapato ya ku tchalitchi. Itembenuzeni muone kunsi, ngati yadyeka mbali imodzi isiyeni poti idzakupendeketsani phazi momwe ankapondera mwini wake woyamba. Ipindeni, izipindikira kutsogolo komwe zala zimapindikira osati pakati. Dinani siponji ya kunsi ndi chala, ikhale yobwerera, yosauma ngati thabwa komanso yopanda makwinya ambiri. Pisani dzanja m'kati mumve ngati kuchidendene sikunang'ambike. Ogulitsa adzakuuzani kuti "bwana iyi ndi orijino", inu valani zonse ziwiri mudumphedumphe pomwepo, phazi ndi lomwe likuuzeni. Nsapato za mpira za mapini ndi zija zopyapyala zovala pa jinzi ayi.

Zovala n'zosavuta, kabudula ndi jezi ya mpira ija imauma msanga kuposa tisheti ya thonje yomwe imamwa thukuta n'kulemera. Pakani Vaseline pakati pa ntchafu, m'khwapa ndi pa zala za kuphazi, abambo pakaninso pa nsonga za mabere poti pa 10km jezi imatha kukhula mpaka magazi. Alongo anga, bra ya masewera yogwira bwino ndi yofunika ngati nsapato yomwe, ndipo imapezeka pa kaunjika pomwepo. Ndikudziwa kuti ambiri mumagwa mphwayi chifukwa cha pakamwa pa anyamata a m'misewu mukavala thaiti, ena amavala kabudula pamwamba, ena amapinda chitenje n'kumanga m'chiuno, valani chomwe mukhale nacho omasuka ndipo thamangani pagulu. Ndipo ife abambo tikamva mnzathu akukuwiza mayi yemwe akuthamanga tizimudzudzula pomwepo, mayi ameneyo wadzuka m'mamawa chifukwa cha mwana wa wina yemwe alibe fizi.

Kupweteka kulipo kwa mitundu iwiri. Kuphwanya kwa ntchafu ndi akatumba tsiku lotsatira kapena lachiwiri lake, miyendo yonse iwiri mofanana, n'kwabwinobwino ndipo kumatha kokha mukamayendayenda. Koma ululu wobaya pamalo amodzi, pa bondo, pa msongolo kapena pansi pa chidendene, womwe ukukula mukamathamanga kapena kukutsimphinitsani, umenewo imani, pumani masiku angapo, ukapanda kusintha kaonaneni ndi achipatala. Musamwe mankhwala opha ululu kuti mukathamangire pa bala. Kunjuta n'kudzuka ka 10 kapena ka 15, komanso kunyanyamphira pa zala mutagwira khoma, kawiri pa sabata, kumalimbitsa miyendo ndipo sikufuna jimu. Thupi likatentha kapena mukamva zizindikiro za malungo, kayezetseni ndipo zothamanga ziime mpaka mutachira n'kumaliza mankhwala, olo mpikisano utakhala mawa lake.

Zakudya musadzivute nazo, zomwe timadya kale zimakwana, nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, nthochi, nyemba, usipa, mazira, masamba. Kuthamanga kwa mphindi 30 m'mawa ambiri amatha osadya kanthu, kapu ya madzi basi, koma Loweruka la mtunda wautali idyani nthochi imodzi kapena kaphala kochepa nthawi ikadalipo. Masabata okonzekerawa ndi omwe muyesere kuti m'mimba mwanu mumalola chiyani, wina tiyi wa mkaka amamuyenda bwino wina amamutsegula m'mimba pa kilomita yachiwiri. Madzi muzimwa tsiku lonse pang'onopang'ono, mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti akuperewera. Mukabwerako idyani msanga, ola lisanathe. Mowa wa Lachisanu ndi kuthamanga kwa Loweruka sizigwirizana, sankhanipo chimodzi.

Tsopano ndalama, poti ndiye chifukwa chomwe tikuvutikira. Musanayambe kupempha anthu, afunseni okonza mpikisano mafunso osachita manyazi, ndalamazi zikupita kuti kwenikweni, zikagula chiyani, akusunga ndani, adzatiuza liti zomwe zapezeka. Ndinathamangapo mpikisano wina womwe mpaka lero sindinamve kuti ndalama zinathera kuti, ndipo chomwe chinandiwawa n'choti anthu omwe ndinawapempha ankafunsa ine, osati okonzawo. Okonza achilungamo sakwiya ndi mafunso amenewa. Dziwaninso kuti ndalama yolembetsera gawo lake limathera pa tisheti, madzi ndi zina zoyendetsera tsikulo, ndiye thandizo lenileni limachokera pa fomu yanu yolembapo anthu omwe akupereka ndalama.

Popempha musangoponya uthenga pa gulu la WhatsApp n'kumadikira, anthu amangoika chala cha m'mwamba n'kupitirira. Lemberani munthu payekha kapena mupezeni maso ndi maso, muuzeni mwachidule chomwe mukuthamangira ndi chifukwa chake chikukukhudzani, ndipo tchulani ndalama. "Amalume, ndikuthamanga makilomita 10, mungandiikire K1,000 pa kilomita?" imayankhidwa msanga kuposa "thandizani ndi kangachepe." Yambirani pafupi, kunyumba, ku ntchito, ku kwaya, ku banki m'khonde, kwa abale omwe ali ku Joni. Wopereka K500 mulembeni pa fomu ndi ulemu womwewo ngati wa K50,000. Ngati okonza ali ndi nambala yawo ya Mpamba kapena Airtel Money kapena akaunti ya ku banki, ndi bwino anthu atumize komweko n'kukutumizirani uthenga wotsimikiza. Zikadzera kwa inu lembani m'kope tsiku lomwelo, dzina, ndalama, deti, ndipo musazisakanize ndi zanu, poti kubwereka "pang'ono pokha pa mayunitsi a magetsi" ndi komwe kumayambitsa mavuto. Kumbukiraninso kuti potapa kwa ejenti amadula, ndiye gwirizanani kale kuti yodulayo alipira ndani. Sabata iliyonse muziwatumizira kachithunzi ka momwe kukonzekera kukuyendera, ena omwe anati "tiona" amatumiza akaona kuti mukudzukadi.

Sabata yomaliza chepetsani. Thamangani kawiri kokha, mphindi 15 kapena 20 mofewa, masiku awiri omaliza pumani. Palibe mphamvu yomwe mungawonjezere sabata imeneyi, mukhoza kungodzitopetsa. Ngati njira yalengezedwa kaiyendereni olo pa sakaramento kuti mudziwe pomwe pali zitunda. Wengani zikhadabo za kuphazi kukadali masiku atatu. Usiku wake idyani chakudya chozolowera nthawi yabwino, tchipisi cha pa chiwaya ndi kanyenya zidikire mawa masana. Yalani zonse pa mpando, jezi, kabudula, masokosi, nsapato, nambala yanu ya mpikisano yomangirira pa jezi ndi mapini ake anayi, tishu, kandalama ka thiransipoti. Tulo tikavuta musade nkhawa, ambiri zimatero ndipo amathamanga bwinobwino.

M'mawa wake idyani kukadali maola awiri, phala kapena buledi ndi tiyi ndi nthochi, zomwe munaziyesa kale. Fikani kukadali mphindi 45 kapena ola, pitani ku chimbudzi msanga mzere usanatalike. Kuseri kwa nambala lembani dzina lanu, foni ya wachibale ndi matenda omwe muli nawo ngati alipo, a mphumu kamankhwala kopopera kaja kakhale m'thumba. Tisheti yomwe akupatsani ngati ndi yathonje yolimba ndipo sakukakamiza kuvala, isungeni mudzavale pomaliza. Nthawi zambiri pamakhala majowajowa a gulu ndi nyimbo pa zimkuzamawu, chitani nawo pang'ono koma musathere mphamvu pamenepo, ndipo mipikisano yathu imatha kuchedwa kuyamba podikira mlendo wolemekezeka ndiye juzi ikhale pafupi.

Poima pa mzere pitani chakumbuyo. Kutsogolo kumakhala asilikali, anyamata a timu za mpira ndi ana a sukulu, wezulo ikangolira onsewo amaliyatsa ndipo mukakhala pakati pawo mudzatengeka musakudziwa. Kilomita yoyamba ikhale yochedwa kuposa zonse, asiyeni akupitirireni, ambiri mwa iwo mudzawapeza pa kilomita yachitatu manja ali m'chiuno. Pezani munthu wa liwiro longa lanu mutsatane naye, olo simukumudziwa, pofika pakati mudzakhala mukulimbikitsana ngati munakulira limodzi. Pa malo a madzi chepetsani kapena yendani, imwani pang'ono, musagugudize botolo lonse, ndipo chotsalacho tayani pambali osati pakati pa msewu pomwe wina aterereke. Mukamva kubaya m'nthiti chepetsani liwiro, dinani pamalopo ndi dzanja, pumani mokoka mpweya wambiri n'kuutulutsa wonse, kumatha. Pa chitunda chachikulu yendani ndawala ngati pakufunika, mukafika pamwamba n'kuyambiranso.

Pa 10km pamakhala malo ena, cha pa 7 kapena 8, pomwe miyendo imalemera ndipo mutu umayamba kukuuzani kuti taima, wakutuma ndani. Pamenepo musaganize za makilomita otsala, sankhani polo ya magetsi yomwe ili kutsogolo mukafike pamenepo, kenako ina. Ine ndimatchula m'mtima maina a anthu a pa fomu yanga mmodzimmodzi, ndipo pa mpikisano woyamba uja ndi thuza langa lija ndimaona tochi ya pafoni ija m'manja mwa anamwino. Koma siyanitsani kutopa ndi ngozi. Chizungulire, kupweteka pachifuwa, kuona chidima, kumva kuzizira dzuwa likuswa mtengo, kusokonezeka mutu, zimenezo imani pomwepo pa mthunzi n'kuitana oyang'anira njira, ndipo mukaona mnzanu akudzandira muimireni, nthawi yanu siposa moyo wake. Woyamba kumene 5km imamutengera mphindi 35 mpaka 45, 10km ola ndi mphindi 10 kapena 20, ena kuposa apo, ndipo anthu omwe anakupatsani ndalama sadzafunsa nambala yomwe munathera, adzafunsa ngati munafika.

Mukadutsa mzere musadzigwetse pansi nthawi yomweyo, yendayendani mphindi 5 kapena 10 kuti magazi asakuthereni kumutu, imwani madzi pang'onopang'ono, idyani nthochi kapena chilichonse chomwe agawa, vulani jezi yonyowa poti mphepo ya Mzuzu sichedwa kukulowa. Kukakhala kotentha ndipo mwatuluka thukuta lambiri, paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi abwino imathandiza. Thuza losaphulika lisiyeni, lophulika litsukeni n'kumata pulasitala. Ndipo musathamangire kunyumba, bwererani cha pa mzere mukawombere m'manja omwe akubwera kumapeto, agogo, amayi omwe ayenda njira yonse, poti nthawi imeneyo anthu ambiri amakhala atabalalika ndipo iwowo ndi omwe avutika nthawi yaitali pa msewu. Mawa lake ndi mkuja masitepe adzakuvutani kutsika, yendani pang'ono, mubwerere kothamanga pakatha masiku atatu kapena anayi.

Ntchito yotsala ndi ya kope lija. Sabata isanathe tolerani malonjezo onse, kaperekeni ndalama kwa okonza, tengani risiti yokhala ndi dzina ndi siginecha, ijambuleni n'kutumiza kwa aliyense yemwe anapereka pamodzi ndi zikomo wotchula dzina lake. Pakapita mwezi kapena iwiri afunseninso okonza kuti zinagulidwa zija zili kuti, ngati n'kotheka pitani nawo kokapereka. Ine masola aja ataikidwa ndinakwera minibasi kukaona ndekha, ndinajambula babu likuyaka mu wodi muja, ndipo nditabwerako ndinapita ndi foni kwa amayi ena ogulitsa tomato pafupi ndi kwathu omwe anandipatsa K500 yomwe anamasula pa mfundo ya chitenje. Anapukuta manja, anaitenga foni ija n'kuiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaitana anzawo a pa benchi yoyandikana kuti nawonso adzaone.